Tayala Lopanda Chubu

A Sipoko anakonza njinga za anthu kwa zaka makumi anayi, koma anali asanagulepo njinga yatsopano ngakhale imodzi. Zonse zimene anakwerapo anachita kuzidzutsa kwa akufa: felemu ya uyu, mawilo a uyo, chishalo cha munthu amene anati abwera mawa kudzatenga njinga yake, mawa lakelo mpaka lero silinafike. Dzina loti Sipoko analipezera pantchito pomwepo, ndipo linawakhala, chifukwa anali aatali, oonda, osapindika wamba, ngati sipoko ya pa wilo la njinga. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana dzina lomwelo.

Matenda awo anali chidwi. Chinthu chotsekedwa chinkawayabwa m'manja. "Chimene sunachimasule si chako," ankatero, ndipo sankanena za njinga zokha. Wailesi ya pabalaza anaimasulapo, ayironi anaimasulapo, wotchi imene mwana wawo wamkazi analandira pa ukwati anaimasula alendo asanamalize n'kutsanzika komwe. Tisawanamizire, zambiri ankazibwezera bwinobwino. Wotchiyo imayendabe, kungoti imafika masana anthu ena onse akadali m'mawa.

Lamulungu lililonse ankapalasa ulendo wa maola awiri kupita kwa mkulu wawo, amene ankakhala kumapeto kwa msewu wa miyala. Mkuluyo anthu ankamutcha a Lumo, chifukwa moyo wake wonse unathera pometa anthu, mpaka sitiroko inadzamulanda dzanja lamanja ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kwa zaka zitatu tsopano, a Sipoko ndi amene ankameta ndevu za a Lumo. Ankameta ngati akupala dzimbiri pa felemu, a Lumo n'kumadandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo onse awiri tsiku limeneli ankalikonda kuposa masiku ena onse.

Kenako bondo lamanzere linayamba kuyankhula. Lolemba lililonse linkadzuka litatupa, ndipo akazi awo anawakokera kwa dokotala. Dokotalayo anati kupalasa pakokha si mlandu, mlandu ndi kukankha chitsulo cholemera chopanda magiya pa zitunda za miyala.

"Mwamva, a Sipoko?" anatero akazi awo atafika kunyumba. "Muzipita pa galimoto ya mkamwini wanu."

"Mkamwini amapeza mpata kamodzi pamwezi."

"Ndiye muzipita kamodzi pamwezi."

"Nanga ndevu za achimwene zizidikira mwezi? Akazi awo maso ofooka aja mukuwadziwa. Aziwameta ndani?"

Funso limeneli ndilo linali chishango chawo, ndipo akazi awo analibe pochiboolera. Amene anadula mlanduwo ndi mwana wawo wamkazi, yemwe Loweruka ankapalasa ndi anzake a kuntchito atavala chisoti. Anati kuli njinga zopangira misewu ya miyala, zopepuka, za magiya ofewa, ndipo iye ndi mwamuna wake awathandiza kugula imodzi. Mayi ake anavomera, koma anaikapo lamulo.

"Lamulungu limodzi lokha loyesera. Mukabwera bondo litatupa, kapena mukaimba foni kuti akakutoleni panjira, nkhani yathera pomwepo. Njinga zonse pakhomo pano ndizimanga ndi unyolo, kiyi ndisunga ine."

Sitolo ya njinga inali ya magalasi kutsogolo, pansi pake poyera moti a Sipoko anapukuta nsapato kawiri asanalowe. Munalibe fungo la girisi, ndipo ichi chinawakayikitsa. Mtima unakhala pansi pamene mwini sitolo anatulukira kuseri: mayi wamfupi wa imvi pang'ono, zikhadabo zake zakuda ngati zawo.

Mayiyo anatsitsa njinga pakhoma ndi dzanja limodzi. Inali yamtundu wa dothi lonyowa, handulo yake yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala onenepa okhala ndi timano ting'onoting'ono. Inalibe kaliyala, inalibe belu, inalibe chilichonse chimene a Sipoko ankati chimapanga njinga kukhala njinga. Anaigwira kuti ainyamule, ataika mphamvu zonyamulira njinga yawo yakale, ndipo inangotsala pang'ono kukaswa getsi kudenga.

"Yangofika kumene imeneyi," anatero mayiyo akubisa kuseka. "Mtundu womwewu unalipo chaka chatha, koma tsopano ausintha. Matayala awakulitsa, magiya a pachitunda awafewetsa, ndiye zingwe za mabuleki azilowetsa m'kati mwa felemu kuti zisamadye fumbi."

"Azilowetsera pati?"

Mayiyo anawaonetsa. Anawaonetsanso kachitseko kakang'ono pa felemu, kotsekula ndi chala, kosungiramo tizipangizo. A Sipoko anagwada, anayatsa tochi ya pafoni, n'kuyamba kusuzumira m'mimba mwa njinga ngati namwino. Mayiyo ankafotokozabe, mwana wawo akugwedeza mutu, mpaka mawu awiri anawadzutsa.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Ndati m'matayalamu mulibe chubu."

"Nanga mpweya ukukhala pati?"

"M'tayala momwemo."

A Sipoko anaseka, anayang'ana mwana wawo kuti aone ngati akuwanyoza, kenako anafinya tayala ndi chala chachikulu. Mpweya unalimodi. Zaka makumi anayi akumata machubu, lero munthu akuwauza kuti chubu n'chosafunika. Mayiyo anapitiriza kufotokoza za zimene amathira m'katimo, za minga, za kusapopa kwambiri, koma mutu wa a Sipoko unali utatsalira pa chubu paja. Mawu ena onsewo anangodutsa pamwamba.

"Ababa, mukumva zimene akunenazi?"

"Ndamva, ndamva. Njinga ndi njinga, mwanawe."

Anaiyesa pabwalo loimika magalimoto, kuzungulira katatu, ndipo potsika anabisa kukondwa ngati munthu wolawa chakudya chokoma pa nyumba ya mdani. Anaigula tsiku lomwelo, Lachisanu. Za mtengo wake tisanene, kuopa kudwalitsa anthu mutu. Powatsitsa pakhomo, mwana wawo anawagwira dzanja.

"Ababa, chonde, musaimasule."

"Ndingoiyang'ana basi."

Anapiriradi, mpaka Loweruka masana. Akazi awo anapita kumsika, pakhomo panali zii, ndipo njingayo inali itaima m'shedi pakati pa mafelemu adzimbiri ngati mlendo wovala suti pamaliro a anthu osawadziwa. A Sipoko anaizungulira. Anatsatira chingwe cha buleki ndi maso mpaka pomwe chinalowera m'felemu, anagogoda felemuyo ndi chikhadabo, anawerenga mano a magiya. Kenako anachotsa wilo la kutsogolo, kungofuna kumva kulemera kwake, n'kuligwedeza pafupi ndi khutu.

Munali madzi. Ankamveka bwinobwino, tchuwa tchuwa, m'kati mwa tayala.

Apa ndiye panalibenso zowaletsa. Munthu sangasiye madzi m'tayala, adzadya rimu. Anatulutsa mpweya, anakankha mlomo wa tayala ndi zala ziwiri, analowetsa chotsegulira chawo chakale. Tayala litatseguka, panakhuthukira zamadzimadzi zoyera ngati mkaka, pa thalauza, pa nsapato, mpaka pansi. Anazinunkhiza: fungo la mphira. Anazitikita pakati pa zala, ndipo zinayamba kuuma n'kupanga timaulusi tomata. Anakhala kanthawi akutambasula timaulusito, akudabwa, kenako anapeza yankho lomwe linawakhutiritsa: guluu wotsalira kufakitale.

"Ana a masiku ano," anadandaula okha, "kugwira ntchito osapukuta."

Anatsuka tayalalo ndi madzi a sopo, analipukuta, analiyanika padzuwa. Chubu munalibedi. Anayendetsa chala m'rimu monse, anaona tepi yomatidwa mwaukhondo, anaona valuvu yowonda yomangidwa parimu penipeni, ndipo mumtima anavomera kuti amene anaganiza zimenezi sanali chitsiru. Kubwezeretsa tayala ndi kumene kunawatulutsa thukuta. Pampu yawo inkangopemerera mpweya kunja, tayala osagwira. Anakolopa msangamsanga, n'kunyamula wilo kupita kwa mnansi wawo womata matayala a galimoto, amene anali ndi makina opopera. Tayala linalira pha, pha, n'kukhala m'malo mwake. A Sipoko anati awonjezere mpweya, awonjezerenso, mpaka chala chinalephera kulidinda. Tayala labwino limayenera kuuma gwa, ndi mmene ankadziwira.

M'kachitseko kaja anapezamo kathumba kamene mayi wa m'sitolo anaikamo. Munali chubu chapadera, chopyapyala, chamtundu wa lalanje, chopindidwa n'kukwana m'chikhatho. Anachitambasula, anachiyang'ana padzuwa, n'kupukusa mutu. Chimenecho chinali jumbo yoikamo shuga, osati chubu. Anachisiya pabenchi, ndipo m'chikwama chawo cha kumsana anaikamo chubu chenicheni, chakuda, cholemera, pamodzi ndi kachitini ka zigamba ndi guluu, pampu yaing'ono, lezala, sopo ndi burashi yometera.

Atangogwira wilo la kumbuyo kuti nalonso alitsuke, geti linalira. Akazi awo anasuzumira m'shedi ndi dengu pamutu.

"Thalauzalo layera ndi chiyani?"

"Penti."

"Mukupenta chiyani?"

"Zakalekale izi," anatero a Sipoko, akupukuta chishalo chimene chinali choyera kale.

Motero wilo la kumbuyo linatsala ndi madzi ake, ndipo nkhaniyi inawavuta mumtima ngati ntchito yosiyira pakati.

Lamulungu ananyamuka dzuwa likungotuluka. Akazi awo anawapatsa botolo la madzi, anagwira bondo lija ndi dzanja kuti adzathe kuyerekeza madzulo, n'kuwakumbutsa za unyolo. Pa msewu wa phula a Sipoko ankangosewera ndi magiya. Chogwirira buleki chomwecho ukachikankhira cham'mbali, tcheni chinkadumpha chokha, tcha, popanda kukakamira. Anakweza, anatsitsa, anakwezanso, mutu uli pansi kuyang'ana mmene kachitsulo ka kumbuyo kankasunthira, mpaka woyendetsa lole anawaimbira hutala.

Phula linathera pa fakitale yocheka matabwa, ndipo miyala inayamba. Apa anamva chinthu chachilendo: njinga imodzi, koma makhalidwe awiri. Kumbuyo inkayenda myaa, tayala likumeza timiyala ndi timabampu mwakachetechete. Kutsogolo inkadumphadumpha, handulo ikuwagwedeza mikono mpaka m'mano. Anaganiza kuti akabwerera akauza mayi uja kuti opanga njingayi kutsogolo sanakumalize.

Kenako anafika pa chitunda chija. Kwa zaka zitatu, pa mtengo wouma wa m'munsi mwake, a Sipoko ankatsika n'kuyamba kukankha, bondo likulira. Lero phazi linayamba lokha kufunafuna pansi, koma iwo anakankha chogwirira chija mpaka tcheni chinakwera pa giya yaikulu kuposa zonse, yotambalala ngati mbale. Mapedulo anafewa. Njinga inayamba kukwera pang'onopang'ono, iwo atakhala pachishalo, miyendo ikungozungulira ngati akupalasa pamalo athyathyathya. Anamvetsera bondo. Linali chete. Anadutsa nyumba ya njerwa zosapaka pulasitala, pomwe mayi wina woyanika zovala anangoima ndi malaya m'manja n'kuwaperekeza ndi maso. Anafika pamwamba osaponda pansi, ndipo anakondwa kwambiri, chimwemwe chimene anali atachiiwala, moti anaseka okha ngati mwana.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kutsidya kwa chitundacho wina anali atadula nthambi za minga zotchingira dimba, n'kuzikoka kudutsa pamsewu. A Sipoko anaziona mochedwa. Mawilo onse awiri anapondapo, ndipo anamva phokoso limene ankalidziwa kuposa mawu a akazi awo: psiii, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Anatsika, anagoneka chikwama pansi. Pakatumba ka mwendo panali timadontho toyera. Anayang'ana tayala la kumbuyo ndipo anaona mkaka uja ukutuluka pabowo, ukuchita thovu. Phokoso linayamba kuchepa. Thovu linachepa. Kenako zii.

A Sipoko anagwada m'fumbi, bondo osalikumbukira n'komwe. Anafinya tayala: mpweya unalimo. Anapeza munga wina utabaya chapambali, anauzula ndi zikhadabo. Psiii, kadontho koyera, anazungulitsa wilo pang'ono, kadontho kanauma, zii. Anaika khutu. Analavulirapo malovu monga ankachitira pofufuza bowo, koma panalibe kathovu ngakhale kamodzi. Ndiye poti munthu sasiya chikhalidwe chake, anatola munga watsopano pansi, anayang'ana uku ndi uku ngati kukubwera munthu, n'kubaya tayala lawo lomwe dala. Linachitanso chimodzimodzi. Tayala linkadzimata lokha, popanda chigamba, popanda guluu, popanda a Sipoko.

"Ha," anatero chapansipansi. "Kodi ntchito yake ndi imeneyi."

Apa m'pamene anatembenukira kutsogolo. Tayala lotsukidwa bwino lija, louma gwa lija, linali litagona phwa pa miyala. Mawu a mayi wa m'sitolo amene anadutsa pamwamba aja anabwerera limodzilimodzi: zothira m'kati, minga, osapopa kwambiri. Manyazi anawagwira, ngakhale panalibe wowaona. Safunsa anadya phula, koma iwo anachita kuuzidwa, n'kudyabe.

Komabe anali mmisiri, ndipo anali ndi chubu. Anachotsa wilo, anatsegula tayala, anazula minga itatu, anamasula valuvu yowonda ija. Atati alowetse chubu chawo chakuda, valuvu yake inakana. Inali yonenepa, bowo la parimu laling'ono. Anakankha, anapotoza, ayi ndithu. Chubu choyenera bowo limenelo chinali pabenchi kunyumba, chamtundu wa lalanje. Dzanja linapita lokha m'thumba n'kutulutsa kampeni, kuti akuze bowolo pang'ono. Nsonga itakhudza rimu, anaima. Anayang'ana tayala la kumbuyo, anayang'ana la kutsogolo, n'kupinda kampeniko.

Anayesa njira ina. Anamata zigamba m'kati mwa tayala, anabwezera valuvu, anapopa ndi kapampu kawo mpaka mikono inalema. Mpweya unkangothawira m'mbali monga dzulo lija, ndipo kuno kunalibe makina a mnansi. Dzuwa linali litakwera. Nthawi ngati imeneyi a Lumo amakhala atakhala kale pakhonde, thaulo paphewa, madzi akuzizira m'beseni.

Foni inali m'thumba la malaya, ndipo ankaimva kulemera. Mkamwini akanafika pasanathe ola, munthu waulemu, sakanaseka n'komwe. Koma kenako unyolo, ndi Lamulungu limodzi pamwezi. A Sipoko anachita mantha, osati ndi msewu, koma ndi masabata atatu aliwonse amene mkulu wawo azidzakhala pakhonde popanda munthu woti amuyembekezere. Mtunda wotsala unali wa ola limodzi pa njinga. Woyenda pansi akukankha, bondo silikanawakhululukira.

Anakhala pamwala n'kumayang'ana udzu wa m'mbali mwa msewu, wautali, wouma pang'ono. Anauyang'ana nthawi yaitali asanazindikire chimene akuona. Ali ana, njinga ya bambo awo itaphulika chubu kutali ndi kwawo, a Lumo ndi amene anazula udzu, kuupota ngati chingwe, n'kuusindikira m'tayala mpaka linaima. Anafika kunyumba tsiku limenelo, wina akupalasa, wina atakhala pafelemu.

Anazula udzu mtolo wathunthu. Anaupota, anaulowetsa, anausindikira ndi chala chachikulu, kuzungulira tayala lonse, kuwonjezera pomwe panali pofewa. Njinga yongofika kumene, ya zingwe zobisika m'mimba, inadya udzu ngati mbuzi. Anatseka tayala movutikira, timapesi tikusuzumira m'mbali, n'kukwera. Inkayenda ngati munthu wovala nsapato imodzi, koma inkayenda. Anaika giya yofewa, anazemba mwala uliwonse waukulu kuopa kupweteka rimu, ndipo kawiri anatsika kuwonjezera udzu. Anati tsobola wakale sawawa, koma wa lero uyu anawawako ndithu.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Alamu awo, akazi a a Lumo, anali pa mpopi akutsuka mbale, ndipo anatchinga maso ndi dzanja kuti aone bwino.

"Alamu, ndinu? Tinayesa lero simubwera. Tinamva za bondo."

"Bondo lili bwino, alamu. Njira ndiyo inatalika."

Anatsamiritsa njinga pachipupa, anavula chikwama, akutulutsa kale lezala ndi burashi pokwera masitepe a khonde. A Lumo anali pampando wawo wa nthawi zonse, thaulo paphewa, dzanja lamanja lili pamwendo monga linkakhalira. Pa tebulo panali beseni la madzi a thovu, ndi kagalasi kotsamira pa ketulo. M'dzanja lamanzere munali lezala lakale la chogwirira cha fupa. Tsaya lamanzere linali losalala. Lamanja linali losalala mwa apo ndi apo, pali timabala tiwiri tomatidwa ndi tizidutswa ta nyuzipepala. Pansi pa chibwano pokha ndi pamene panatsala ndevu zoyera.

A Sipoko anaima ndi burashi m'manja.

"Wakumetani ndani, achimwene?"

"Ukuona ndani pano?" anatero a Lumo. Mawu awo ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, pang'onopang'ono, koma mng'ono wawo ankawamva onse.

"Ndi dzanja limenelo?"

"Dzanja ndi dzanja. Linkangoonerera linzake zaka makumi asanu, likanalephera bwanji kubera nzeru?"

"Mwayamba liti?"

A Lumo anayang'ana kumbali. Amene anayankha ndi akazi awo, ali pa mpopi pomwepo. "Miyezi itatu tsopano, alamu. Lachitatu lililonse amadzimeta, ndiye amazisiya zimere kuti Lamulungu mudzapeze chometa. Lero ataona kuti simukufika ndiye anati basi."

"Iwe, tsuka mbale," anatero a Lumo.

A Sipoko anakhala pansi pa sitepe. Zinawapweteka, ndipo sanadziwe kuti chikuwapweteka kwambiri n'chiti: kuti anawabisira, kapena kuti zaka zitatu zonsezi sanaganizepo zowapatsa lezala kuti ayese. Ankafika, kuwakhazika, kuwapendeketsa mutu uku ndi uku ngati wilo lopindika. Tsopano funso lawo lija, lakuti aziwameta ndani, linali litayankhidwa, ndipo analibenso chonena kwa akazi awo.

A Lumo anali akuyang'ana njinga. "Ndi imeneyo? Bwanji ikutuluka udzu m'kamwa?"

A Sipoko anafotokoza zonse, osabisa: mkaka, sopo, minga, chubu chosiyidwa pabenchi. A Lumo anaseka mpaka kanyuzipepala kamodzi kanagwa patsaya.

"Ndiye lomwe unalikonza ndi lomwe lafa?"

"Lomwelo."

"Lomwe sunaligwire likudzimata lokha?"

"Ndabaya dala ndi munga, achimwene. Ndaona ndi maso angawa."

"Bweretsa kuno ndione."

Anaikokera pakhonde, anathyola munga pa mtengo wa mandimu, ndipo akuluakulu awiri a imvi anaweramira tayala, mitu itagundana. Psiii, kadontho koyera, zii. A Lumo anakhudza kadonthoko ndi chala, anakanunkhiza, anapempha kuti abayenso. A Sipoko anakana, anati mkakawo ungathe, ndipo ulendo wobwerera ulipo. Anatulutsa foni, anaimbira mwana wawo, anamuuza kuti afika bwino, bondo lili chete, ndipo mawa akufuna kukaonana ndi mayi wa m'sitolo uja kuti awafotokozerenso za matayala kuyambira pachiyambi.

"Ababa, mwaimasula."

"Wilo limodzi lokha," anatero, n'kudula foni.

Atakhazikikanso pampando wawo, a Lumo anatsitsa mawu kuti akazi awo asamve. "Usakawauze alamu kuti ndikudzimeta. Ukawauza, akumangira njinga."

A Sipoko anayang'ana ndevu zotsala pansi pa chibwano. Zala zinawayabwa. Kukoka kanayi kokha, ntchito ikanatha, yosalala, yopanda bala. Anatola lezala la fupa lija pa tebulo, analitsuka m'beseni, analipukuta pa thaulo. Kenako analitembenuza n'kuliika m'dzanja lamanzere la mkulu wawo.

"Ndikawauza," anatero. "Sindingawanamize kawiri sabata imodzi. Koma apa pansi pa chibwano mwalephera chifukwa galasi lili pansi kwambiri."

Ananyamula kagalasiko pa ketulo, anagwada ndi bondo labwino, n'kukagwira m'mwamba pang'ono. A Lumo anakweza chibwano, anadzipaka thovu, n'kuyamba kukoka lezala pang'onopang'ono. Panatuluka kadontho ka magazi. A Sipoko anakaona, anakukuta mano, koma sanasunthe.

"Kweza pang'ono. Wapendeketsa. Iwe ngakhale galasi sutha kugwira?"

"Ndiphunzira, achimwene. Ndikawauza kunyumba kuti galasi lilibe woligwira, ndiye Lamulungu ndizibwera."

Pachipupa, pafupi ndi mutu wa a Lumo, panali msomali wabwinobwino, wotalika bwino, pamalo oyenera kupachikapo galasi. Onse awiri anauona, ndipo palibe amene anautchula.